Njinga ya Awiri Inatsika ndi Mmodzi

Kwa zaka makumi anayi a Masipoko anakonza njinga za anthu opita kutali, koma eniakewo ulendo wawo wautali unali wochoka pabedi kukafika pabenchi yogwirira ntchito, mapazi khumi ndi awiri basi. Ankagona kuseri kwa shopu yawo, ndipo shopuyo inali pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa utoto, mumsewu wotsetserekera kudoko. Ukalowa, fungo la girisi ndi labala linkayamba ndi lomwelo kukupatsa moni. Magudumu anali lende kudenga, masipanala pamisomali yake, ndipo pakati penipeni panali chitsulo chowongolerapo magudumu chimene anachiwotcherera okha akadali mnyamata. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akuchipatala okha.

Anzawo amawongola gudumu ndi maso, koma iwo ankawongola ndi khutu. Ankalizunguza pang'onopang'ono, n'kumakoka sipoko iliyonse ndi chala kuti ilire. Yothina bwino inkayankha mokoma, yolefuka inkangoti phwe. Akaipeza yaulesiyo ankaikalipira ngati mwana wozemba ntchito, "Iwe, anzako asenza munthu iwe uli m'tulo?" kenako n'kuithinitsa. Bamboyu anali wamakani, ndisakubisireni, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Ukabwera ndi njinga yosathira mafuta unkayamba walandira ulaliki, kukonza kunkabwera pambuyo. Koma gudumu limene aligwira iwo silinkabwereranso.

Nyengo yozizira ikafika, dzuwa litaleka kuotcha msana, mumsewumo munkadutsa anthu apanjinga zolemedwa ndi zikwama. Ankatsata matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere, kenako n'kukwera kumidzi ya m'mapiri. Aliyense woima pashopupo a Masipoko ankamupatsa pensulo kuti alembe njira yake pa mapu amene anamata kukhoma. Mapuwo anada ndi zala. Matauni onsewo ankawatchula motsatana osaphonya, ndipo phiri lililonse ankalidziwa ndi mmene limadyera malabala a mabuleki. Ukawafunsa kuti inu mupita liti, ankati chaka chamawa, ntchito ikachepa.

Zaka zamawazo zinatha zambiri. Akazi awo anamwalira, kenako matenda a shuga anawatsikira m'maso. Poyamba zilembo za pa mapu zinasanduka nyerere, pambuyo pake nkhope za anthu zinasanduka utsi, mpaka anatsala ndi kusiyanitsa usana ndi mdima. Ntchito yokha sinaime, poti khutu ndi zala zinali zikadalipo.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, mphunzitsi kumudzi wina pamwamba penipeni pa mapiri aja. Lamlungu lililonse ankaimba foni, ndipo nkhani inali imodzimodzi.

"Bambo, bwerani mudzakhale kuno. Chipinda chilipo."

"Ndidzakonze chiyani kumeneko, mbuzi?"

"Simuyenera kukonza kanthu. Mudzapume."

"Wopuma ndi mayi ako. Ine ndikadali moyo."

Ndiye tsiku lina anatereka tiyi, kasitomala n'kuitana, iwo n'kuiwala. Katani ya pawindo inagwira moto, ndipo akanapanda wometa tsitsi kuthamanga ndi ndowa, lero tikanakamba zina. Mwana uja atamva analira pafoni, koma kuchokera tsikulo za kusamuka sanazitchulenso. A Masipoko anayesa kuti apambana. Chete ameneyu akanamukayikira.

Patapita mwezi kunabwera alamu awo, mchimwene wa malemu akazi awo, amene mumsewu monse ankawatchula kuti a Positi chifukwa anagawa makalata panjinga zaka makumi atatu. Njinga imeneyo ankaisamala ndi a Masipoko. Awiriwa unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo, ndipo moni wawo unali kunyozana.

"Alamu," anatero a Positi atakhala pabenchi, "mudzafa musanaone kumene njinga zanu zimapita."

"Ndione ndi maso ati? Mwabwera kudzandiseka?"

"Ndi angawa. Inu muli ndi miyendo, ine ndili ndi maso. Tilumikize njinga ziwiri, ine patsogolo inu pambuyo. Kuzizira kukayamba tinyamuke, titsate nyanja, tikwere mapiri, tikagone masiku awiri kwa mwana, kenako titsikire mbali inayo kubwerera kuno."

A Masipoko anaika sipanala pansi. Mtima unawagunda ngati wa mnyamata amene mtsikana wamulola. Koma poti ndi iwo, anangoti, "Miyendo yanu yowondayo ikakwera phiri?"

Njingayo inawatengera milungu isanu ndi umodzi. Anadula mafelemu awiri akale, a Positi n'kumagwirizira wowotcherera, a Masipoko n'kumapapasa mfundo iliyonse ikazizira. Magudumu anawaluka okha ndi masipoko onenepa. Tcheni chachitali chinalumikiza mapedalo akutsogolo ndi akumbuyo, kotero kuti wina akapalasa mnzake ankamva m'mapazi. Pedalo yakumbuyo yakumanzere inali ndi kaphokoso, te, te, te, pa kuzungulira kulikonse. A Positi anati aisinthe, koma eniake anakana, amvekere limenelo ndi belu lawo, wakutsogolo azidziwa kuti kumbuyo kuli munthu.

Tsiku lolongedza, a Masipoko anatenga kachitini kakale ka mabisiketi n'kuikamo malabala a mabuleki asanu ndi atatu.

"Onsewa?" anafunsa a Positi.

"Onsewa. Pokwera phiri buleki imagona. Potsika, anthu awiri ndi katundu, imadya malabala ngati moto wolusa. Amene ali panjingawa athera kunyanja ndi mchenga. Awa ndi otibweretsa kwathu."

Anakaika okha pansi pa chikwama chakumanzere. Kiyi wa shopu anamupereka kwa akazi a a Positi kuti aziyang'anira. Atakhala pachishalo chakumbuyo, nsapato zatsopano zili kumapazi, zachidendene chonenepa zimene anagulira ulendowu, ananena lamulo limodzi lokha.

"Alamu, kumbuyo kuno ndilibe chiwongolero, ndilibe buleki, ndilibe maso. Dzenje mundiuze, kukhota mundiuze, chimene mukuona mundiuze. Wakutsogolo sanama."

"Ndakumvani, bwana," anatero a Positi, n'kuponda pedalo.

Masiku asanu ndi atatu a kunyanja anali okoma, ndipo pambuyo pake chimene chinawawa kwambiri ndi kukoma komweko. Mphepo inkachokera kumadzi yozizira, yonunkhira mchere, n'kumalowa m'makutu ndi m'manja mwa juzi. Matauni anali zii, poti si nyengo ya alendo. A Positi ankasimba zonse. Apa mabwato awagadabuza pamchenga, apo amuna akusoka maukonde atafunda zikhoti, uko chombo chachikulu chaima patali kudikira malo padoko. A Masipoko ankatchula dzina la tauni asanafike, n'kunena kuti pakatha mlatho pali chitunda, ndipo chitundacho chinkapezekadi. Kunyada kwake! Ankachita ngati msewuwo anaulima ndi iwo.

Ankagona m'nyumba za alendo zazipinda zozizira, mabedi achitsulo olira ukatembenuka, madzi otentha ochita kupempha. M'mawa uliwonse a Masipoko ankapukuta tcheni ndi kansanza, n'kuthira mafuta, akudandaula kuti mchere ndi mfiti ya chitsulo. M'tauni yachinayi mayi wina wogulitsa nsomba anali ndi njinga yagudumu lopindika, ndipo iwo anakhala pansi pomwepo pamsika, zala zili gwa ndi chisanu, n'kuliwongola anthu ataunjikana. Pansanja ya nyali yolondolera zombo anatsika, n'kugwira khoma lake lonyowa ndi manja onse awiri, ndipo anakhalitsa pamenepo.

Panjira a Positi ankakonda kuwayesa.

"Alamu, kwezani mkono. Pali mayi wokongola pawindo akukubayibitsani."

"Bodza."

"Mwadziwa bwanji?"

"Tcheni chandiuza. Inu mukanama mwendo wanu wamanja umafooka. Zaka zonse zija ndimadabwa kuti pedalo yanu yamanja sikutha, kani ndi mabodza."

Anaseka mpaka njinga inayamba kuyenda ngati yoledzera.

Zodabwitsa zinalipo, kungoti munthu wosangalala safunsa zambiri. Chikwama chakumanzere chinkalemera kuposa mmene anachisiyira, ndipo atafunsa ngati alamu awo anyamula miyala, anayankhidwa kuti ndi majuzi. Foni ikalira a Positi ankapita nayo patali, pobwera n'kumati ndi akazi awo akufunsa za mankhwala a msana. Ndipo chikwamacho sankalola kuti wina achimasule, ankati muvutikiranji, nenani chimene mukufuna ndikupatseni.

Tsiku lachisanu ndi chinayi msewu unafulatira nyanja n'kuyamba kukwera. Fungo la mchere linatha, kunabwera la mitengo ya paini ndi utsi wa nkhuni. Chifunga chinkanyowetsa nsidze. Midzi yake inali ya nyumba zamiyala zothithikana, agalu ouwa mwaulesi, ndi anthu oyankha moni mwachidule chifukwa cha kuzizira. Penapake ankatsika n'kumakankha. Koma pokwera apa ndi pamene a Masipoko anaonetsa kuti kumbuyo kuli munthu. Ankaponda mpaka felemu kulira, belu lawo lija likuti te, te, te, uku akunyoza alamu awo kuti makalata anali opepuka.

Pakati pa mudzi wachiwiri ndi wachitatu panali kachigwa kotsetsereka. Potsika pamenepo mabuleki analira kulira kumene a Masipoko sanakukonde, kwa chitsulo chikuyandikira chitsulo chinzake. M'mawa mwake, tsiku loti akafike kwa mwana, a Positi anatuluka kukasaka pamalo pogwira foni. A Masipoko anati bwanji ndisinthiretu malabala pakadali mpata. Anagwada pambali pa bedi, n'kumasula chikwama chakumanzere.

Pamwamba panali majuzi, zoonadi. Pansi pake zala zinagunda mabotolo. Anawagwedeza. Anali mankhwala awo a shuga, koma osati a ulendo wokhawu. Mabotolo anayi odzadza, a miyezi. Pansi penipeni, pamene panayenera kukhala kachitini, panali chinthu chafulati chokulungidwa m'thaulo. Asanamalize n'kumasula komwe anali atachidziwa. Chala chinapeza kona yothetheka, imene inathetheka tsiku limene anachigwetsa popenta khoma. Chinali chithunzi cha akazi awo, chimene chinkakhala pamwamba pa bedi lawo kuseri kwa shopu.

Anakhuthulira zonse pabulangete. Anapapasa chikwama chakumanja, matumba a m'mbali, ngakhale m'nsapato za alamu awo. Kachitini panalibe.

Anakhala pansi pozizira, chithunzi chili pamiyendo. Munthu wina akanati mwina anaiwala. Koma kachitini anakaika okha, ndipo sikanatuluke kokha. Wokachotsayo ankafuna malo, ndipo anaona kuti kalibe ntchito, chifukwa ankadziwa kuti njingayi siidzatsika phiri ndi anthu awiri. Nanga chithunzi chimachoka pakhoma chifukwa chiyani, ngati khomalo likadali lako? Anamva kuzizira kumene sikunachokere panja. Unali mkwiyo, inde, koma chachikulu chinali manyazi. Anakumbukira mmene anasekera masiku onse aja, mmene ankapondera mapedalo mwamphamvu, ndipo anadziona ngati ng'ombe yokoka yokha ngolo yopita nayo kokagulitsidwa.

Anabwezera zonse m'malo mwake, mabotolo, majuzi, n'kumanga zingwe mmene anazipezera. A Positi atabwera akupukusa manja, amvekere lero ndi lero tikamwa tiyi wa mwana, a Masipoko anangoti tiyeni.

Anadikira mpaka pachitunda chachikulu, pamene aliyense amaponda ndi mphamvu zake zonse ndipo tcheni chimakhala chili nga.

"Alamu, tikamabwerera titsikira njira iti?"

"Ya kuseri ija, monga tinapangana."

Mwendo wamanja wa a Positi unafooka. Pang'ono chabe, koma unafooka.

"Nanga shopu yanga ili bwanji? Mumayankhula ndi kunyumba tsiku ndi tsiku."

"Ili bwinobwino. Yotseka."

Unafookanso. A Masipoko anachotsa mapazi onse awiri pamapedalo. Njinga inalemera nthawi yomweyo, inagwedezeka uku ndi uku, ndipo a Positi anaponda pansi akupuma mwawefuwefu.

"Mwatani? Mwendo wakokana?"

"Malabala anga ali kuti?"

Penapake m'munsi madzi ankayenda m'miyala.

"Mwatsegula chikwama," anatero a Positi.

"Ndafunsa malabala."

"Ndinawasiya pabenchi. Chithunzi cha mlongo wanga sindikanachiika mu lole, galasi likanasweka. Malo anachepa."

"Lole."

Basi, thumba linali litabooka, ndipo zonse zinatuluka. Lole inabwera patatha masiku awiri iwo atanyamuka. Katundu yense anali atafika kale kwa mwana. Kiyi anabwezedwa kwa mwini nyumba, ndipo wogulitsa utoto uja anali atayamba kale kubowola khoma kuti akuze sitolo yake. Wokonza zonsezi anali mwanayo, koma nzeru ya njinga inali ya a Positi.

"Moto uja unatiopsa tonse, alamu. Mwana sankagona. Tikanakuuzani mukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye tikanatani?"

"Mukanandimanga ndi chingwe n'kundiponya mu lolemo pamodzi ndi benchi. Ndikanakutukwanani njira yonse, mwezi ukatha n'kuiwala. Koma inu mwandilukitsa ndekha magudumu. Mwandipalasitsa ndekha masiku khumi ndi awiri, ndikuseka ngati chitsiru, inu mukudziwa. Ndinakupemphani chinthu chimodzi."

"Ndinkafuna muone nyanja kaye. Ndinati ngati n'kuchoka, achoke ataona zimene ankalakalaka."

"Ndaona chiyani ine? Ndamva zimene mwanena inu. Mabwato ogadabuza aja analipo? Chombo chija chinalipo?"

"Zonse zinali zoona, alamu. Mulungu akundimva."

"Ndidziwa bwanji?"

A Positi ankalira, ndipo a Masipoko anamva felemu ikunjenjemera pakati pa miyendo yawo, koma chisoni sichinawagwire. Anaganiza zotsika n'kuyamba kuyenda wapansi kubwerera. Kubwerera kuti? Sankadziwa n'komwe kuti phompho lili mbali iti. Munthu yekhayo amene akanawalondolera anali yemweyo wawagwiritsa fuwa lamoto.

"Kwerani," anatero a Masipoko. "Njinga sinalakwe."

Mtunda wotsalawo anaupalasa osayankhulana. A Positi ankanenabe, dzenje, tikukhota kumanja, mlatho wathabwa, koma kumbuyo kunkangoyankha pedalo.

Mwana anawachingamira pamsewu. Anagwira manja a bambo ake n'kunena kuti azizira ngati mwala, ndipo mawu ake anali a munthu amene wakonzekera kukalipiridwa. Atayang'ana amalume ake anadziwa kuti nkhani yaululika. Anawalowetsa m'chipinda chofunda, chopaka laimu watsopano. A Masipoko asanakhudze kanthu anamva fungo la girisi wawo womwe. Benchi inali pansi pa windo, chitsulo chowongolerapo magudumu chili pakona, masipanala atawapachika pamisomali mosatsata kukula kwake.

"Ndinayesetsa kuika monga kunaliri," anatero mwanayo. "Mapu aja anang'ambika pomatula, koma ndasunga zidutswa."

"M'mudzi muno muli njinga zingati?"

Mwanayo anazengereza. "Kuno n'kotsetsereka kwambiri, bambo. Anthu amayenda wapansi. Kusukulu kuli wilibala."

"Wilibala."

"Bambo, ndinkaopa foni. Ikalira ndinkangoti ndi imeneyo, akundiuza kuti mwapsa. Mundikwiyire, koma mukwiye muli moyo."

"Iwe unkanena poyera zimene ukufuna, zaka ziwiri," anatero a Masipoko. "Iwe ndi mwana, unachita mantha. Tandisonyeza pokhala."

Chakudya anadya, mankhwala anamwa, koma kwa alamu awo sanatembenukire.

M'mawa mwake a Positi anati anyamuka. Basi inkafika kumeneko kamodzi pamlungu, ndipo kudikira masiku asanu m'nyumba imeneyo sakanatha. Anati atsika ndi njinga, munthu mmodzi salemera. Anaitulutsa pabwalo n'kuyamba kumangirira chikwama. A Masipoko anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Njingayo anaiimika pafupi nawo, ndipo dzanja linapita lokha, mwa chizolowezi, kukapapasa buleki yakutsogolo. Labala anali atatha, chala chinakhudza chitsulo. Yakumbuyo chimodzimodzi. Njira yotsika anali asanaiyendepo, koma ankaidziwa pa mapu aja, makona khumi ndi asanu ndi anayi, phompho kumanzere. Ndi mabuleki amenewo munthu akanafika mwina pa kona yachisanu.

Tinene zoona, sanayankhule msanga. Anabweza dzanja, n'kumwa tiyi wawo pang'onopang'ono mpaka kapu inatha. A Positi, amene zaka makumi atatu sanayang'anepo buleki chifukwa panali woyang'ana, ankamanga zingwe osadziwa kanthu. Zimene zinayenda m'mutu mwa a Masipoko pa kapu imeneyo sanauzepo munthu.

"Mwanawe," anaitana, "tandipatsa mpeni wakuthwa ndi sipanala yaing'ono. Ili pamsomali wachitatu, pamene siyenera kukhala."

Anavula nsapato zawo zatsopano zija. Anadula chidendene cha yoyamba, kenako cha inzake, n'kuchekacheka zidutswa zinayi, akuyeza ndi chala. Labala wake anali wolimba bwino. Anachotsa zotha zija, analowetsa zatsopano m'tizitsulo take, anathinitsa, anakoka waya, anazunguza gudumu n'kugwira buleki. Linaima nji. Anachita chimodzimodzi kumbuyo. Ntchito yonseyi anaigwira atangovala masokosi pasimenti yozizira, ndipo palibe anayerekeza kuwaletsa.

"Nsapato zanu, alamu," anatero a Positi motsitsa mawu.

"Ndipita nazo kuti? Tamverani. Musagwire buleki nthawi yaitali, muzigwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Pakona yachisanu ndi chiwiri muime, limu ya gudumu izizire."

"Alamu, mundikhululukire."

"Ndakonza njinga. Sinatulukepo njinga m'manja mwanga n'kukapha munthu, ndipo siyambira pa inu. Zinazo musandifunse."

A Positi anaima kanthawi, kenako anakwera. Kuchoka pabwalopo msewu unkayamba wayenda pathyathyathya usanagwere kumunsi, ndipo a Masipoko anamva pedalo yawo ikuzungulira yokha popanda phazi, te, te, te, ikunka kutali. Kenako inaleka, kutanthauza kuti kutsetsereka kwayamba. Anatchera khutu. Patapita kanthawi, m'munsi mwa chifunga, mabuleki analira pakona yoyamba, kulira kwabwino kwa labala wogwira. Analiranso pa yachiwiri, motsika. Yachitatu sanaimve, inali patali.

Anakhalabe chiimire mpaka mapazi anachita dzanzi. Mwana anabwera n'kuwagwira pachigongono.

"Tiyeni m'nyumba, bambo, mudwala. Pali sitepe apa, imodzi, kwezani phazi."

A Masipoko anaima. Anatambasula phazi lamasokosi lija, n'kupapasa pansi mpaka chala chinagunda simenti. Sitepe inalipodi, imodzi, monga ananenera mwanayo. Anakwera. Anakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi, akudya bwino, akumwa mankhwala pa nthawi yake, koma kuyambira m'mawa umenewo sanapondeponso pamene auzidwa asanayambe apapasa okha.